ALT Kapena GGT Yakwera Pang'ono Koma Mowa Munasiya: Zoyenera Kuchita

Munthu amene ankamwa mowa akalandira zotsatira za magazi n'kuona chilembo cha H, chosonyeza kuti nambala yakwera, pambali pa manambala a chiwindi otchedwa ALT, AST kapena GGT, mtima umathamangira ku mabotolo akale aja. Ena amangoti basi chiwindi chinapsa, n'kuyamba kusowa tulo. Ena amati ndi za mowa wakale zitha zokha, n'kupinda pepalalo m'buku lachipatala osabwereranso. Njira zonse ziwiri n'zolakwika. Manambala amenewa ali ngati utsi: amasonyeza kuti pali moto umene ukuyaka panopa, koma sanena kuti nyumba inapsa mbali yaikulu bwanji m'mbuyomu. Choncho pali mafunso awiri oti ayankhidwe padera. Loyamba, n'chiyani chikuvutitsa chiwindi masiku ano? Lachiwiri, kodi mowa uja unasiya zipsera m'chiwindi? Funso lililonse lili ndi zoyeza zake.

Yambani ndi pepala lenilenilo

ALT ndi AST ndi timapuloteni tokhala m'kati mwa maselo, ndipo timatayikira m'magazi selo likavulala. ALT imachokera makamaka m'chiwindi. AST imapezekanso m'minofu, mumtima ndi m'maselo ofiira a magazi, n'chifukwa chake imatha kukwera chiwindi chili bwinobwino. GGT, kapuloteni kenanso ka m'chiwindi, imakwera msanga ndi mowa, koma imakweranso ndi kunenepa, matenda a shuga ndi mankhwala ena monga phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amene odwala khunyu amamwa. ALP, nambala ina ya papepala lomwelo, imachokera m'njira za ndulu komanso m'mafupa, ndipo imakwera mwachibadwa kwa mayi woyembekezera ndi mwana amene akukula.

Pambali pa nambala yanu pamalembedwa malire a labu imene yayeza. Ma labu ambiri amaika malire a ALT ndi AST cha pa 40 U/L, koma gwiritsani ntchito amene ali papepala lanu chifukwa makina amasiyana. Gawani nambala yanu ndi malire a pamwambawo. ALT ya 62 pa malire a 40 ndiye kuti yakwera ka 1.5 basi. Kukwera kosafika ka 2 n'kochepa kwambiri, ndipo kuyambira ka 2 mpaka ka 5 madokotala amakutchulabe kuti kukwera pang'ono. Kupitirira ka 5, tinene kuti ALT yadutsa 200, musadikire mwezi, onanani ndi dokotala sabata yomweyo. Ikafika m'ma 1,000 ndi nkhani ya tsiku lomwelo, ndipo kawirikawiri si mowa umene umafikitsa pamenepo koma mankhwala, kachilombo kongolowa kumene kapena kuchepa kwa magazi ofika kuchiwindi.

Dziwaninso kuti malire amenewa amaikidwa m'njira yoti mwa anthu 100 athanzi, awiri kapena atatu amatulukira pamwamba pang'ono popanda vuto lililonse.

Manambala amene amanena za mphamvu ya chiwindi ndi ena, ndipo anthu ambiri sawayang'ana n'komwe. Albumin ndi puloteni imene chiwindi chimapanga, imayenera kukhala pakati pa 35 ndi 50 g/L. Bilirubin, imene ikachuluka imachititsa maso kukhala achikasu, imayenera kukhala pansi pa 21 µmol/L, kapena 1.2 mg/dL ngati labu yanu imalemba choncho. INR imasonyeza mmene magazi akuundanira, ndipo kwa munthu wosamwa warfarin imakhala pafupi ndi 1. Onjezani maplateleti, timaselo tothandiza magazi kuundana, amene ali pa zotsatira za FBC (kuwerenga maselo a m'magazi), omwe sayenera kutsika pansi pa 150. Ngati zinayi zimenezi zili bwino ndipo ALT yangokwera pang'ono, muli ndi nthawi yofufuza modekha.

Koma pali zizindikiro zosadikira nazo zotsatira zilizonse: maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pamodzi ndi chimbudzi chotuwa, mimba kutupa ndi madzi, miyendo kutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii chonanda ngati phula, kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno pafupipafupi, ndiponso kusokonezeka mutu kapena kugona masana usiku n'kukhala maso. Kusanza magazi ndi chimbudzi chakuda n'zopita nazo kuchipatala ola lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.

Mowa umatenga nthawi yaitali bwanji kuchoka m'manambala

Chovulaza chikachoka, AST imatsika ndi theka pa maola pafupifupi 17 alionse, ALT pa maola pafupifupi 47. GGT ndi yochedwa, imatsika ndi theka pakatha milungu iwiri kapena itatu, moti imene inakwera kwambiri ingatenge miyezi iwiri kapena itatu kuti ibwerere m'malo. MCV, nambala ya pa FBC yosonyeza kukula kwa maselo ofiira, imachedwa kuposa zonse chifukwa selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120. Mafuta amene mowa umaunjika m'chiwindi, omwe amapezeka mwa anthu pafupifupi 9 pa 10 alionse omwa kwambiri, amasungunuka pakatha milungu 4 mpaka 6 munthu atasiyiratu.

Tanthauzo lake ndi ili. Ngati munasiya milungu iwiri yapitayo, kukwera pang'ono n'koyembekezeka, chofunika n'kuona ngati manambala akutsika. Ngati munasiya chaka chatha kapena zaka zitatu zapitazo, musalole kuti nkhani ithere pa mawu akuti "ndi mowa uja". Mwina pali china chimene chikugwira ntchito panopa, kapena pali zipsera, ndipo zonse ziwiri n'zofunika kuzifufuza.

Kaonekedwe ka manambala kamathandizanso. Mowa umakonda kukweza AST kuposa ALT, nthawi zambiri kawiri kapena kuposa, pamodzi ndi GGT ndi MCV. ALT ikakhala pamwamba pa AST, maganizo amapita ku mafuta a kunenepa, hepatitis B kapena C (matenda a tizilombo totupitsa chiwindi), kapena mankhwala. AST imene ili pamwamba pa ALT mwa munthu amene anasiya mowa kalekale imafuna kusamala, chifukwa zipsera zikachuluka manambala amatembenuka motero.

Apa mpofunika kunena zoona, choyamba kwa inu eni. Ambiri amene amati anasiya amatanthauza kuti anasiya kachasu ndi mowa waukali koma Loweruka amagwirabe mabotolo angapo. Dokotala akafunsa, musayankhe kuti "ndimangolawa". Werengani magalamu. Chulukitsani mamililita ndi peresenti yolembedwa pabotolo, chulukitsaninso ndi 0.8, kenako gawani ndi 100. Botolo la 330 ml la 5% likupereka magalamu 13. Kabotolo ka 200 ml ka mowa waukali wa 40% ndi magalamu 64, ofanana ndi mabotolo asanu a mowa wamba. Lita imodzi ya masese kapena Chibuku imene yafika 4% ndi magalamu 32. Kachasu mphamvu yake imasiyana malinga ndi wotcheza, ndipo wa mutu umatha kuposa mowa waukali wa m'sitolo. Lembani zaka zimene munamwa, magalamu a pa sabata, ndi tsiku limene munamwa komaliza.

Chenjezo kwa amene akumwabe kwambiri tsiku lililonse, makamaka ngati manja amanjenjemera m'mawa mpaka atamwako: musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24, kukomoka kogwedezeka thupi kumatha kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo kubwebweta ndi kuona zinthu zimene palibe kumafika tsiku lachitatu kapena lachinayi. Zimenezi zimapha. Kuchipatala amapereka diazepam wochepetsedwa pang'onopang'ono pamodzi ndi vitamini ya thiamine. Chipatala cha boma cha m'boma lanu chingathandize, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa.

Kuyezetsanso, koma mokonzekera

Kuyezetsanso mawa lake n'kutaya ndalama. Dikirani milungu 4 mpaka 6, osalawa mowa ngakhale dontho, ndipo mubwerere ku labu yomweyo kuti manambala afanizike. Kwa masiku 7 musanapite, pewani ntchito yothyola thupi imene simunaizolowere: kunyamula zitsulo ku jimu, kuthamanga mtunda wautali, kugalauza munda wouma tsiku lonse. Minofu yotopa imatulutsa AST, ngakhalenso ALT, ndipo imatha kukhala pamwamba sabata yathunthu. Ngati AST yokha ndiyo ikukwera, pemphani ayezenso CK, imene imasonyeza ngati gwero lake ndi minofu. Musayezetse muli ndi malungo kapena mutangochira, dikirani milungu iwiri kapena itatu. Magazi amene anavuta kutenga, kapena amene anakhalitsa asanayezedwe, maselo ofiira amasweka ndipo AST imaoneka yokwera mwabodza. Labu yabwino imalemba zimenezi papepala.

Musapite kukangobwereza LFT yokha, kutanthauza manambala a chiwindi aja. Paulendo womwewo pemphani FBC, HBsAg (yoyeza hepatitis B), anti-HCV (yoyeza hepatitis C), HIV ngati simunayezetse posachedwa, ndi shuga. Pa shuga muyenera kupita musanadye kwa maola 8. Tengani m'thumba chilichonse chimene mwamwa m'miyezi itatu yapitayi: mapiritsi akuchipatala, a pagolosale, zitsamba, ufa wolimbitsa thupi, tiyi wochepetsa thupi, mankhwala owonjezera mphamvu za abambo. Kubweretsa mapaketi enieniwo n'kwabwino kuposa kuyesa kukumbukira mayina.

Hepatitis B: musachoke osayezetsa

Kuno kwathu, munthu wamkulu amene ALT yake ikukwerakwera sayenera kuuzidwa kuti ndi mowa asanayezedwe hepatitis B. Katemera wa matendawa analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana ku Malawi mu 2002, choncho amene anabadwa chaka chimenechi chisanafike sanabayidwe ali makanda. Kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka 20 kapena 30 popanda chizindikiro, kakudya chiwindi mwakachetechete, ndipo kakakumana ndi mowa zipsera zimabwera msanga. Kuyeza kwake n'kosavuta, HBsAg amatha kuyeza ndi magazi a pachala ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola.

Zikasonyeza kuti muli nako, musayambe kulozana zala m'banja. Anthu ambiri a mu Africa muno amene ali ndi hepatitis B yokhalitsa anaitenga pobadwa kapena ali ana aang'ono, osati chifukwa cha chiwerewere. Chofunika n'chakuti akunyumba kwanu, ana, ndi abale a bere limodzi ayezetse, ndipo amene alibe abayitse katemera: jakisoni woyamba, wachiwiri pakatha mwezi, wachitatu pa mwezi wachisanu ndi chimodzi. Si aliyense amene amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Malangizo a WHO a 2024 anafewetsa zoyenereza, moti munthu amene nambala yake ya APRI, yowerengedwa kuchokera ku AST ndi maplateleti, yapitirira 0.5 akhoza kuyamba. Mankhwala ake ndi tenofovir, piritsi limodzi patsiku. Asanakupatseni ayenera kuyeza HIV, chifukwa tenofovir payekha mwa munthu amene ali ndi HIV amachititsa kachilomboko kupima mankhwala.

Kwa amene ali kale pa ma ARV a TLD, mankhwala awiri a m'piritsi limenelo, tenofovir ndi lamivudine, amagwiranso hepatitis B. Munthu amene ali ndi tizilombo tonse tiwiri akadukiza mankhwala, hepatitis B imadzuka mwaukali ndipo chiwindi chimatha kulephera. Musasiye ma ARV chifukwa mwaona ALT yakwera.

Hepatitis C ndi yosowa poyerekeza, koma imachizika ndi mapiritsi a milungu 12, choncho kuyeza kamodzi n'koyenera.

Mankhwala, zitsamba ndi zina

Pa mankhwala a TB, atatu amadziwika ndi kuvutitsa chiwindi: isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide. Isoniazid alinso m'mankhwala oteteza TB amene amaperekedwa kwa anthu a pa ma ARV. Kukwera pang'ono m'miyezi iwiri yoyamba kumachitika mwa ambiri ndipo kumatsika kokha. Madokotala amaimitsa mankhwala ALT ikadutsa ka 5, kapena ka 3 ngati pali nseru, kusanza, kupweteka m'mimba kapena maso achikasu. Chigamulo chimenechi n'cha kuchipatala, koma mukaona zizindikirozi pitani tsiku lomwelo, musadikire tsiku lanu la sikelo. Bactrim, fluconazole, Augmentin ndi valproate nawonso amatha kukweza manambala.

Panado ndi wabwino pa mlingo woyenera. Munthu wamkulu wathanzi asapitirire magalamu 4 patsiku, amene ndi mapiritsi 8 a 500 mg. Amene ali ndi vuto la chiwindi, amene akumwabe mowa, kapena wolemera kosafika makilogalamu 50 asapitirire magalamu 2, mapiritsi 4. Anthu amapitirira mlingo mosadziwa chifukwa mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu alinso ndi paracetamol m'kati, werengani paketi. Brufen, diclofenac ndi Indocid n'zoopsa kwa amene ali ndi zipsera zambiri chifukwa zimawononga impso ndi kuyambitsa kutaya magazi m'mimba.

Za zitsamba tinene mosabisa. Vuto lake n'lakuti mlingo sudziwika, ndipo zosakaniza za m'botolo lopanda chizindikiro palibe angazitsimikize. Zogulitsidwa ndi dzina loti "zotsuka chiwindi" palibe umboni wokwanira woti zimachiza, ndipo zina mwa izo ndi zimene zimakweza ALT. Pa milungu 4 mpaka 6 yodikirayi siyani zonse zimene sanakulembereni kuchipatala.

Chifukwa china chimene chikuchuluka m'matauni ndi mafuta a m'chiwindi obwera ndi kunenepa ndi shuga. Zimachitika kawirikawiri kuti munthu akasiya mowa amayamba zakumwa zotsekemera ndi kudya kwambiri, thupi n'kukwera, ALT osatsika. Yezani chiuno ndi tepi ya telala podutsa pa mchombo. Kupitirira masentimita 94 kwa abambo kapena 80 kwa amayi ndi chenjezo. Shuga wa 7.0 mmol/L kapena kuposa musanadye, atabwerezedwa, ndi matenda a shuga. Mankhwala enieni a mafuta amenewa ndi kutsitsa thupi ndi 7 mpaka 10 peresenti: munthu wa makilogalamu 80 achotse 6 mpaka 8, pa liwiro la theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata. Chepetsani mitanda ya nsima, chulukitsani masamba, nyemba ndi nsomba, chotsani zakumwa za shuga, ndipo yendani mwandawala mphindi 150 pa sabata.

Amene anakulira kapena kugwira ntchito m'madzi a m'nyanja, m'madambo kapena m'minda ya mpunga anene zimenezi kwa dokotala. Likodzo la m'matumbo limaika zipsera m'mbali mwa mitsempha ya m'chiwindi, kapamba n'kutupa, munthu n'kudzasanza magazi pamene ALT ili bwinobwino. Praziquantel pa mlingo wa 40 mg pa kilogalamu iliyonse amapha nyongolotsi zake. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chili ndi poizoni wa aflatoxin, amene akaphatikizana ndi hepatitis B amakweza kwambiri chiopsezo cha khansa ya chiwindi. Mtedza wowawa, wofota kapena wakuda tayani, musausinje kuti ukhale nsinjiro.

Kodi pali zipsera?

Ili ndiye funso limene limasowetsa tulo, ndipo ALT singaliyankhe. Munthu amatha kukhala ndi chiwindi cholimba ndi zipsera, chimene madokotala amati cirrhosis, ALT ili 30. Mwa anthu omwa kwambiri kwa zaka zambiri, amene amafika pamenepo ndi pakati pa 10 ndi 20 pa 100 alionse. Ambiri safika, koma simungadziwe mbali imene muli popanda kuyeza.

Poyambira pake ndi nambala ya FIB-4, imene mungawerenge pa foni. Chulukitsani zaka zanu ndi AST. Kenako pezani square root ya ALT (chizindikiro cha √ pa kalikyuleta) n'kuichulukitsa ndi maplateleti. Gawani yankho loyamba ndi lachiwiri. Mwachitsanzo, munthu wa zaka 38, AST 52, ALT 64, maplateleti 240: pamwamba 1,976, pansi 8 kuchulukitsa 240 ndi 1,920, yankho 1.03. Wina wa zaka 50, AST 80, ALT 49, maplateleti 110: pamwamba 4,000, pansi 770, yankho 5.2. Onani kuti wachiwiriyu ALT yake ndi yotsika kuposa ya woyamba, koma ndiye ali pangozi.

Yankho losafika 1.3 limasonyeza kuti zipsera zazikulu n'zokayikitsa. Kwa opitirira zaka 65 malire amenewa ndi 2.0. Kupitirira 2.67 kumafuna dokotala wa matenda a m'kati, ndipo pakati pa 1.3 ndi 2.67 pamafunika kuyeza kwina. Nambalayi imasokonekera mwa osafika zaka 35, mwa amene amwa mowa posachedwa, komanso ngati maplateleti atsika ndi malungo, HIV kapena likodzo. Choncho werengani ndi zotsatira za ulendo wachiwiri uja, osati woyamba.

Sikani ya pamimba imaonetsa mafuta, miyala ya mu ndulu, kapamba wotupa, madzi m'mimba, zotupa, ndi chiwindi chokhakhala chimene chafika patali. Pitani musanadye kwa maola 6 kuti ndulu ioneke bwino. Koma sikani yonena kuti chiwindi chili bwino siitsimikiza kuti mulibe zipsera zoyambirira. Makina oyeza kulimba kwa chiwindi, a FibroScan, ndi amene amayankha bwino, ndipo pansi pa 7 kPa n'zolimbikitsa pamene kupitirira 12.5 kPa kumaloza ku cirrhosis. Makinawa sapezeka paliponse, funsani pamene akukutumizani ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central kapena Mzuzu Central.

Zikatuluka zotsatira zachiwiri

Ngati ALT ndi AST zabwerera m'malo, hepatitis B ndi C mulibe, ndipo FIB-4 ili pansi pa 1.3, palibe chifukwa choyezetsa mwezi ndi mwezi. ALT imasinthasintha tsiku ndi tsiku, ndipo 44 lero ndi 51 mwezi wamawa si umboni woti zikuipa. Kamodzi pachaka n'kokwanira. GGT yokha ikatsalira pamwamba pang'ono zina zonse zili bwino, yang'anani thupi, shuga ndi mankhwala amene mukumwa. Ngati nkhawa ikupitirirabe mpaka kukulepheretsani kugona kapena kugwira ntchito, kapena ikukukokerani ku botolo, inene kuchipatala monga vuto palokha, chifukwa ili ndi chithandizo chake.

Manambala akakhalabe pamwamba kwa miyezi 6 popanda chifukwa chodziwika, pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wa matenda a m'kati. Kumeneko amayeza zosowa monga kuchuluka kwa ayironi m'thupi, chithokomiro, ndi matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira chiwindi.

Za kubwerera ku mowa, manambala abwino si chilolezo. Chiwindi chimene chinatupapo ndi mowa chimatupanso mukayambiranso, ndipo amene ankamwa molephera kudziletsa kawirikawiri sathera pa botolo limodzi. Ngati apeza zipsera kapena hepatitis B, mlingo wake ndi ziro. Ngakhale pa cirrhosis, kusiyiratu mowa kumaimitsa kapena kuchedwetsa matendawa ndipo anthu amakhala zaka zambiri. Wotere amafunika sikani miyezi 6 iliyonse pofuna kupeza khansa idakali yaing'ono, kuunikidwa kum'mero ndi kachubu ka kamera kuti aone mitsempha yotupa, ndipo ikapezeka amapatsidwa propranolol kapena carvedilol kuti isaphulike. Achepetse mchere ngati miyendo kapena mimba yayamba kutupa, koma asachepetse zakudya zomanga thupi, ndipo adye kenakake asanagone chifukwa chiwindi cha zipsera sichisunga mphamvu zokwanira usiku wonse.